Chipinda Chopanda Chitseko

"Gwira bwino kumunsiko, chisakhule pansi," anatero a Kalipentala.

Mwana wawo wamkazi, amene m'nyumbamo ankangomutchula kuti Aphunzitsi chilembedwere ntchito pasukulu, anakweza chitsekocho ndi manja onse awiri n'kuchipendeketsa kuti chidutse pakhomo. Chinali cholemera, cha matabwa okhwima, ndipo chinali chitatha zaka zitatu chitatsamira khoma kuseri kwa shedi yopaliramo matabwa. Akangaude anali atamangapo midzi yawo. Pafupi ndi loko panali mng'alu wautali umene a Kalipentala anaung'amba okha ndi hamala.

Anachitsamiritsa pafupi ndi chipinda cha mwana wawo wamwamuna. Linali tsiku lachitatu chimuikireni m'manda. Obwera kudzapepesa anali atayamba kuchepa, mipando yobwereka itabwezedwa kwa eni ake, ndipo m'nyumbamo munatsala bata lolemera lija limene limabwera anthu akabalalika.

A Kalipentala anagwada n'kumasula kapepala kamene kanamangiriridwa ndi ulusi pa hinjesi yapamwamba. Munali timisomali topota tonse ta chitsekocho. Limeneli linali lamulo lawo pantchito: chimene wamasula, timisomali take ukulunge n'kumangirira pomwepo. Ophunzira ntchito kwa iwo ankalidziwa lamuloli asanadziwe n'kugwira sowo komwe. Anakhuthula bokosi la zida pansi, n'kuyamba kufufuza.

"Sikuludiraiva yanga yachikasu ija ili kuti?"

Anafufuzanso kachiwiri, ngakhale ankaona ndi maso awo kuti mulibe.

"Nayonso anagulitsa," anatero, mawu ali ouma gwa.

Mwana womwalirayo ankatchedwa Wailesi. Anayamba kulankhula ali ndi zaka ziwiri, ndipo malo omuzimitsira palibe anawapeza. Ankalankhula akudya, ankalankhula akupala matabwa pambali pa bambo ake, makasitomala n'kumabwera kudzafunsa mtengo wa tebulo koma n'kuchoka atamva nkhani zisanu. Kenako anagwa padenga la nyumba ina akukhoma malata, n'kuvulala msana. Mapilitsi opha ululu atatha, ululu sunathe, ndipo anakapeza zina kuseri kwa depoti yakale ya mabasi, kumene anthu amadzibaya mankhwala ozunguza bongo. Kuyambira pamenepo wailesi ija inayamba kuzima yokha masana dzuwa likuswa mtengo.

Ulendo woyamba umene anadzibaya mopitirira muyeso anali atadzikhomera m'chipinda. Bambo ake anaswa chitseko chimene anachipanga okha, n'kumupeza milomo itada, akupumira patalipatali. Atachira, chitsekocho sichinabwererenso. Anapachikapo katani. Anthu a mumsewu wawo ankaseka chamumtima kuti mmisiri amene anakhoma zitseko za theka la nyumba za m'deralo, kwake kuli chipinda cha katani.

Kuchipatala namwino wina wachifundo anawapatsa timabotolo tiwiri ta mankhwala opopera m'mphuno, otsitsimutsa munthu amene zinthuzo zamugwetsa. Anawaphunzitsa kagonekedwe kake ndi kapoperedwe kake. A Kalipentala anakhoma msomali pafelemu ya chipindacho n'kupachikapo kathumba kansalu, timabotoloto tili momwemo. Katatu konse anamudzutsa nato mwana wawo. Tikatha, ankapita okha kukatenga tina, chifukwa lamulo la pawindo la kuchipatalako linali loti mankhwalawo amapatsidwa kwa womuyang'anira wodwala, amene analembedwa pakhadi.

Kenako panadutsa miyezi isanu Wailesi osakhudza kanthu. Ananenepa, anayambanso kusokosa mushedi, ndipo mayi ake anayamba kuyimba akuchapa. Lachinayi lapitalo masana, a Kalipentala anakankha katani kuti amuitane adzagwire thabwa, n'kumupeza ali kwala pansi. Anapisa dzanja m'kathumba kaja. Munalibe kanthu.

Anaimbira ambulansi. Woyankha foni anafunsa kuti, "Kodi si kwa akalipentala kuja? Ndi yemwe uja?" A Kalipentala anathamangira kwa a Takisi, mnansi wawo woyendetsa galimoto ya hayala, amene anali atawanyamulapo kawiri. A Takisi anaima pageti manja ali m'thumba n'kunena kuti atopa kuchapa mipando chifukwa cha munthu amene akuifuna yekha imfa. Ambulansi inafika mthunzi wa shedi utafika kale pampanda.

Chichokereni tsikulo a Kalipentala anali asanagwetse msozi. Mtima wawo unali utauma ndi mkwiyo. Mwana amene anamudzutsa katatu ndi manja awo anagulitsa mankhwala omwewo kuti akagule imfa yake, ndiye amulirire chiyani? Kumanda anaima chilili ngati mlendo, anthu n'kumanong'onezana kuti bamboyu ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba mtima. Ankafuna kulira, koma akangotseka maso ankaona kathumba kopanda kanthu.

Mkazi wawo anali atakhala pabedi la Wailesi, akupinda malaya amene anali atawapinda kale dzulo lake.

"Bambo ake, mukufuna kutsekera ndani?" anafunsa osadzutsa mutu. "Amene munkaopa kuti adzikhomera uja wapita."

"Ndikufuna ndizidutsa pano osaona bedi limenelo."

"Nanga ine ndikafuna kuliona?"

"Kiyi uzisunga ndiwe."

"Zaka zitatu mwana wanga ankavula malaya kuseri kwa katani ngati ali kuchipatala. Lero wapita m'pamene mwaona kuti chipinda chake chikufunika chitseko?"

"Amayi, asiyeni atseke," anatero Aphunzitsi. "Tatopa tonse. Ine ndikuuzeni zoona, ngakhale mundione ngati mfiti. Chiyambire Lachisanu, foni ikalira mtima sukundidumphanso ngati kale ndikakhala m'kalasi. Ndikuchita nazo manyazi, koma ndi mmene zilili."

Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera ku malaya aja. A Kalipentala anatenga mpeni wakale kuti ayese kupotera timisomali ndi nsonga yake. Asanayambe, kunja kunamveka mawu a a Takisi.

"Choka! Choka apa! Mwamva kuti kuli maliro ndiye mwati mudzatole nsapato za olira?"

A Kalipentala anatuluka mpeni uli m'manja. Pageti panaima mtsikana wowonda, wa zaka ngati za Wailesi, atavala jekete lachimuna lalikulu kuposa thupi lake ngakhale kunkatentha. Anali atakumbatira thumba lapulasitiki pachifuwa. A Kalipentala sanafunikire kuuzidwa kumene wachokera. Maso amenewo anali atawaona m'nyumba mwawo momwe kwa zaka zitatu.

"Ndi a kuseri kwa depoti awa," anatero a Takisi ali kuseri kwa mpanda wawo. "Anzake omwe anamupha aja. Musamutsegulire, achimwene."

"Ndikufuna bambo ake a Wailesi," anatero mtsikanayo motsitsa mawu.

"Wailesi kulibe. Ngati anakusiyira lonjezo la katundu wa m'nyumba muno, lapita naye."

"Mutsegulireni," anatero mkazi wawo ali kumbuyo kwawo. "Amene wabwera kudzalira mwana wanga sabwerera pageti."

Mtsikanayo anakana mpando, n'kukhala pasitepe ya khonde. Mayi a Wailesi anamubweretsera tiyi. Manja ake ankanjenjemera moti kapu inkagunda mano, ndipo anaiika pansi asanamwe n'theka lomwe. Aphunzitsi anaima pakhomo atapinda manja, maso ali pa thumba lija. A Takisi nawo sanachoke pampanda, poti nkhani ya eni imakoma ukaimvera chapafupi.

Mlendoyo anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa timabotolo tiwiri. Anatiika pasitepe moyandikana. A Kalipentala anatizindikira nthawi yomweyo, chifukwa pa kalikonse anali atalembapo tsiku ndi pensulo yawo ya ntchito. Tonse tiwiri tinali totha.

"Anakugulitsa iwe?"

"Ayi, bambo. Anandipopera ine."



"Linali Lachitatu," anapitiriza mtsikanayo. "Ine sindikukumbuka, anandiuza ndi anzanga. Akuti ndinagwa cha m'ma leveni, milomo n'kuda. Onse anathawa, poti akabwera apolisi amanyamula aliyense amene wapezeka pafupi ndi mtembo. Wailesi yekha ndiye anathamanga kubwera kuno. Akuti anabwerera alibe nsapato imodzi. Anapopera koyamba, sindinadzuke. Anapopera kachiwiri. Nditatsegula maso ndinamupeza akundilankhulitsa, mukumudziwa mmene analili. Ankandiuza za mbuzi ina imene inadya ma risiti mushedi mwanu. Anandilankhulitsa mpaka dzuwa kupendeka, kuti ndisagonenso."

Mayi a Wailesi anagwira pakamwa. Nkhani ya mbuziyo inali yoona, ndipo Wailesi ankaifotokoza mosiyanasiyana chaka chilichonse.

"Ankafunako chiyani kumeneko?" anafunsa Aphunzitsi mwaukali. "Anali atasiya. Miyezi isanu!"

"Ankabwera masana alionse pa nthawi yopuma, achemwali. Osati kudzabaya. Ankangozungulira, kugogoda, kuitana aliyense ndi dzina lake mpaka ayankhe. Ankati munthu akayankha, ngakhale ndi chipongwe, ndiye kuti ali moyo."

A Kalipentala anakumbuka mmene ankamukalipira chifukwa chochedwa kubwerera kushedi masana. Ankamununkhiza ngati galu, n'kumuyang'ana m'maso ndi m'mikono.

"Bwanji sanandiuze kuti kathumba katha?" anafunsa.

"Lachinayi m'mawa tinapita limodzi kuchipatala kuti akatenge tina. Pawindo anamuuza kuti pakhadi palembedwa bambo ake, abwere okha. Anachonderera, anafotokoza za ine, anandiloza. Amayi a pawindowo anati, 'Inu anthu mumaona ngati mankhwalawa amamera m'tchire? Kuno kuli odwala enieni.' Anatuluka akuseka, koma ine ndinaona kuti zamulowa. Anati akuuzani madzulo mukaweruka, mtima wanu ukakhala pansi." Kenako anawonjezera kuti, "Ankaopa kuti mudzati wagulitsa."

Mawu amenewo anawalasa a Kalipentala pamtima penipeni. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anayang'ana mpeni umene unali m'manja mwawo ngati sakudziwa kuti unafikamo bwanji, n'kuuika pawindo.

"Nanga anabayiranji?" anafunsa mayi a Wailesi, misozi ikutsika. "Akudziwa kuti kathumba kalibe kanthu, anabayiranji?"

"Sindikudziwa, amayi. Mwina mawu a pawindo aja. Mwina kukhala nane tsiku lonse pakati pa zinthuzo. Mwinanso palibe chifukwa. Njala imeneyi siigogoda pofika. Ine lero m'mawa ndinalumbira kuti ndibwera kuno ndili bwinobwino, koma ndalephera. Ndisakunamizeni."

A Kalipentala anaimirira. Mkwiyo umene unawaumitsa mtima masiku onsewa unasowa kolowera, n'kutembenukira kwa mtsikanayo.

"Ndiye kuti mpweya ukupumawo ndi wa mwana wanga."

"Eya, bambo."

"Tiwiri tonse! Akanasiya kamodzi, bwenzi pano ali mushedimo akundisokosa. Ndipo iwe wadzuka, wabwereranso komweko."

"Eya, bambo. Ndakhala ndikuzungulira msewu uno kuyambira tsiku la maliro, kuopa mawu omwewo. Nenani onse, ndi anu."

Mtsikanayo sanayankhe mokweza kapena kudziteteza, ndipo munthu wotere ndi wovuta kumukalipira. A Kalipentala anapuma mwamphamvu.

"Wabwera kudzatani tsono?"

"Kudzabweza zinthu zanu."

Anatulutsa sikuludiraiva ya chogwirira chachikasu n'kuipereka ndi manja awiri. Kenako anapendeketsa thumba lija, ndipo pasitepe panakhuthukira zitsulo. Tinali timipiringidzo ta zitseko, tina tadzimbiri, tina topindika, tisanu ndi tinayi.

"Kuseri kwa depoti kuli zimbudzi zakale ndi timaofesi togulitsiramo matikiti," anatero. "Timadzitsekera m'menemo, poti nafenso timachita manyazi. Chaka chatha anthu atatu anafera m'kati, anzawo akugogoda panja. Wailesi atasiya kubaya anabwera ndi chida chanuchi n'kumasula zotsekera zonse. Ena anamutukwana, wina anamumenya chibakera. Iye ankangoseka, amvekere, 'Kwathu ndimagona chipinda cha katani, ndipo ndikadali moyo.'"

A Kalipentala anagwada pang'onopang'ono n'kutola kampiringidzo kamodzi. Pa bowo lake panamangiriridwa kapepala ndi ulusi. Anatola kena. Nakonso kanali ndi kapepala kake. Tonse tisanu ndi tinayi. Anakoka nsonga ya ulusi, mfundo n'kumasuka yokha, ndipo m'dzanja mwawo munagwera timisomali topota tinayi, todyeka ndi dzimbiri, toti munthu wina aliyense akanangotitaya.

"Anati ndizisunga ine," anatero mtsikanayo. "Anati, 'Bambo anga amati chimene wamasula usataye timisomali take, chifukwa tsiku lina chidzabwerera pamalo pake.' Anati tikadzachira tonse adzabwera kudzabwezeretsa, kuti nafenso tizidzatseka zitseko ngati anthu."

A Kalipentala anafumbata timisomalito mpaka tinawabaya m'dzanja. Kulira kwawo kunayamba ngati chifuwa, kenako kunatuluka konse, kulira kwa munthu wamkulu kumene kumachititsa manyazi oonerera. Analira mwana wawo, n'kuliranso mawu amene ananena mtembo uli pansi, akuti wagulitsa moyo wake. Mkazi wawo anagwada pambali pawo n'kuwagwira paphewa. Aphunzitsi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Kumpanda kuja a Takisi anavula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati ngati mwalembedwa nkhani.

Patapita nthawi a Kalipentala anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya.

"Pakhadi lako palembedwa ndani?"

"Ndilibe khadi, bambo. Amafuna wokuyang'anira. Kwathu anandiuza kuti ndinafa kale."

"Anzako aja?"

"Mmodzi yekha ali ndi azakhali ake, koma ali kutali."

A Kalipentala analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula kathumba kansalu kaja. Aphunzitsi anawatsekereza pakhomo.

"Ababa, mukufuna kutani? Mwangoika mwana wanu dzana. Mukufuna mudzaikenso wa eni? Mwamva yekha, wabaya lero lomwe. Mudzamudzutsa, adzagwanso, mudzamudzutsanso. Tazionapo ife, tikudziwa kumene zimathera."

"Ukunena zoona, mwanawe. Mwina ndidzamuika."

"Nanga?"

"Koma asadzafe chifukwa choti kathumba kanalibe kanthu. Mchimwene wako anamulipirira zodula kwambiri mtsikanayu moti ine sindingamusiye pageti."

"Imeneyo si ntchito yanu. Kuli chipatala, kuli aboma, kuli abale ake."

"Onsewo ndi amene ananena kuti si ntchito yawo Lachinayi lija."

Aphunzitsi sanawapatse njira mwachangu. A Kalipentala anasuzumira kumpanda.

"A Takisi, galimoto ilipo? Ndikufuna ndikalembedwe pakhadi la mtsikanayu kuchipatala."

"Achimwene, mukufuna kuyambiranso zomwe zija?"

"Kumanda kuja amene analankhula m'malo mwa anansi anali ndani? Si inu munati mwana wa mnzako ngwako yemwe, anthu n'kumagwedeza mitu? Nayu mwana wa mnzathu, wakhala pasitepe."

A Takisi anavala chipewa, n'kuchivulanso. Anang'ung'udza za mipando yawo, kenako anati akatenge kiyi. Ngati anapita ndi mtima wonse kapena ndi manyazi okha, a Kalipentala analibe nazo ntchito. Galimoto imayenda chimodzimodzi.

"Maliza tiyiyo," mayi a Wailesi anauza mtsikanayo. "Pawindo paja pamafunika mphamvu."

A Kalipentala anabwerera kuchipinda kuja. Chitseko chinali chikadatsamira khoma, sikuludiraiva tsopano ili m'thumba mwawo, timisomali tili pansi pamene anatisiya. Anayang'ana bedi la mwana wawo, malaya opindidwa, ndi msomali wa pafelemu. Anamva mapazi kumbuyo. Aphunzitsi anadutsa, anawerama, n'kugwira chitsekocho kumunsi.

Anachinyamula awiriwo kubwerera nacho kuseri kwa shedi, n'kuchitsamiritsa pamalo pake pakale. Kunja kwa geti galimoto inali italira kale, koma a Kalipentala sanafulumire. Anakulunga timisomali ta chitsekocho m'kapepala kake, n'kupisa ulusi pa hinjesi. Atayamba kumanga mfundo yawo ya masiku onse, yolimba, yofuna mpeni poimasula, anaima. Anatulutsa kampiringidzo kamodzi kamene anali atakaika m'thumba la malaya n'kuyang'anitsitsa mmene Wailesi ankamangira. Iye ankasiya nsonga yaitali, kuti ngakhale munthu wonjenjemera manja angokoka kamodzi.

Anamasula mfundo yawo, n'kumanga ya mwana wawo.